Tembenuza

"Tembenuza."

Make mapasa anachotsa phazi pa makina, ulusi uli kukamwa, n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Panali pasanathe ndi theka la ola lomwe chiwatembenuzireni bambo akewo.

"Ababa, si ndakutembenuzani pompano? Mwatopa nayo kale mbali imeneyo?"

"Tembenuza."

Basi, liwu ndi lomwelo. Chiwagwereni sitiroko, bambo akewa, amene msewu wonse unkawatchula kuti a Telala, anafa dzanja lamanja ndi mwendo womwe, pakamwa n'kupotoka, mawu onse n'kuthawa. Munthu woti ankatha kukangana ndi makasitomala atatu nthawi imodzi mapini ali kukamwa! Miyezi inayi yathunthu sanatulutse kanthu koma kubuula. Ndiye tsiku lina masana liwu limodzi linangobwerera lokha, lomveka bwinobwino: tembenuza. Make mapasa analira ndi chimwemwe tsiku limenelo, n'kuimbira foni abale onse. Akanadziwa!

Anesi anali atalangiza kuti wodwala wotere azitembenuzidwa maola awiri aliwonse, kuopa zilonda za pamsana. Choncho liwulo litabwera aliyense anati eya, aphunzira kupempha. Zoti sankanena kuti "nditembenuze" palibe anadabwa nazo. Matenda oti adya chilankhulo chonse angalephere kudya ka "ndi" kokha?

Make mapasa anadzuka, n'kulowetsa dzanja limodzi kunsi kwa phewa, lina m'chiuno, n'kuwagubuduza pang'onopang'ono kuti ayang'ane kukhoma. Anaika pilo pakati pa mawondo monga anamuphunzitsira anesi aja. A Telala anayamba kumenya khoma ndi dzanja lamanzere, phaa, phaa, uku akubuula mokwiya.

"Nanga si mwanena nokha? Aaa, ababa, koma inunso!"

Anawabweza mmene analili. A Telala maso tong'o kutsogolo, kenako:

"Tembenuza."

Chipindacho chinali chaching'ono: bedi, kabati ya zovala moyang'anana ndi bediyo, ndi makina osokera opalasa ndi phazi pafupi ndi zenera. Makinawo anali a a Telala. Shopu itatsekedwa, achimwene ake a Make mapasa, amene banja lonse linkawatcha Abwana iwo kulibe, ananena kuti chitsulo chakalecho chigulitsidwe ndipo matumba awiri a zidutswa za nsalu akatayidwe kudzala. Iye anakana, n'kubwera nazo zonse kunyumba pamodzi ndi wodwalayo.

Kusoka sanali kukudziwa. Ali mtsikana ankakhala pakona ya shopu kuonerera bambo ake akukanda nsalu ndi chikhadabo cha chala chachikulu asanaidule, uku akuuza ophunzira awo kuti nsalu ili ngati munthu, ili ndi nkhope ndi msana. Koma akangoti agwire sizasi, ankamuthamangitsa. "Iwe pita ku mabuku, singano imadya maso." Wadzaphunzira kusoka ali mayi wa ana awiri, pa mavidiyo a pafoni, chifukwa mbali yakufa ija inkangozizira ngakhale kunja kutenthe bwanji, ndipo iye anaganiza zowasokera chofunda cha zigamba kuchokera m'matumba awo omwe. Munali zonse mmenemo: zotsala za masuti a ukwati, mayunifolomu a sukulu, madiresi a amayi a kwaya, makatani a anthu. Zaka makumi anayi za ntchito, m'tizidutswa tosakwana ndi chikhatho chomwe.

Nthawi ndiye inali yochita kuba. M'mawa ankakhala ku sukulu ya mkaka, kupukuta mamina a ana makumi atatu a eni ake. Akafika masana, mwamuna wake, amene ankakhala ndi wodwala m'mawa, amakhala atavala kale nsapato kuthamangira ku bekale kumene ankaphika buledi. Ankapatsana moni pakhomo ngati anthu okumana pa siteji ya basi. Kenako mapasa, atsikana awiri a zaka zisanu ndi ziwiri, pakamwa ngati wailesi ziwiri zotsegulidwa pamodzi: wina wataya sokosi, wina wamenyedwa ndi mnzake, onse ali ndi njala. Kuchapa mashiti a wodwala, kuwamwetsa phala ndi supuni, mankhwala, homuweki, mbale. Ikati yakwana folo koloko, ngati Mulungu wakomera mtima, pamatsala mphindi makumi anayi zakezake. Ankadula zigamba zinayi kapena zisanu, kuzilumikiza, n'kupachika chofundacho pa chitseko cha kabati ndi zopanira zovala kuti aone mmene chikukulira. Makina akamalira, phazi lamoyo la a Telala linkapalasa nawo pansi pa bulangete. Chimenecho ndicho chinkamupatsa mphamvu.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamudya mtima. Abwana anali ndi nyumba yaikulu mumzinda wina, ulendo wa maola asanu pagalimoto, ndipo kuyambira pachiyambi ankafuna kuwatenga bambowo. Kumeneko, ankatero, kuli chipinda cha matailosi, TV, ndi wantchito wolembedwa kuti aziwasamala. Make mapasa ankachidziwa chipindacho. Chinali kuseri, kupitirira galaja, ndipo eni nyumba ankachoka kusanache n'kubwera kutada. Bambo ake akanakhala ngati katundu wosungidwa bwino. Anachita kuwagwadira achimwene akewo kuti awasiye, ndipo iwo anavomera ndi mawu amodzi: "Ndikadzangoona kuti zikukukanika, ndidzawatenga."

Anabwera Lamlungu lina ndi akazi awo, galimoto yonyezimira n'kutseka kanjira konse. Alamu anakhala m'mphepete mwa mpando, chikwama pamiyendo, ngati mpandowo uwaluma. Abwana analowa kuchipinda, n'kuima manja m'thumba.

"Ababa, muli bwanji?"

A Telala sanawayang'ane n'komwe. "Tembenuza."

Make mapasa anathamanga, n'kuwatembenuza. Khoma phaa, phaa. Anawabweza. Sipanapite nthawi: "Tembenuza." Inu, tsiku limenelo zinachita ngati apangana! Pofika nthawi ya tiyi Abwana anali atawerenga ndi zala.

"Kasanu ndi kawiri pa ola limodzi. Iwe, munthu akamalira chonchi ndiye kuti thupi likumuwawa. Umawatembenuza ndithu pa nthawi yake, kapena umakhala uli pa zigamba zakozi?"

"Achimwene, ndimawatembenuza kuposa mmene ananenera anesi."

"Tavundukula ndione."

Pa chiuno panali kamalo kofiira, kakang'ono ngati ndalama yachitsulo. Sikanali chilonda, khungu linangokhulika ndi shiti chifukwa cha kugubuduzagubuduza komweko. Koma ukanawauza ndani? Abwana anaitana akazi awo kuti adzaone, akaziwo n'kugwira pakamwa.

"Mapanga awiri avumbwitsa, mchemwali wanga," anatero Abwana. "Ntchito, ana, wodwala, ndiye pamwamba pake ukufuna ukhalenso telala? Chiphokoso chimenechi m'khutu mwa munthu wodwala mutu! Ukuganiza amamenyeranji khoma?"

Make mapasa anayang'ana mwamuna wake. Bambo a mapasa, munthu wabwino koma woopa alamu ake ngati apolisi, anali kalikiliki kupukuta kapu youma kale.

"Ndisiya," anatero Make mapasa. "Ndisiya kusoka lero lomwe. Chonde, achimwene, musawatenge."

"Masabata awiri. Ndiziimba tsiku lililonse."

Galimoto isanakhote n'komwe, anachotsa zopanira zija, n'kupinda chofundacho. Chinali chitatsala pang'ono: zigamba zonse zapamwamba zinali zolumikiza, ndipo anali atazigwiriza ndi mapini pa bulangete lakale loti likhale pakati. Anachiponya pamwamba pa kabati, makina n'kuwavindikira ndi shiti. A Telala anatsatira ndi maso ntchito yonseyo. Atatha, anayang'ana chitseko cha kabati chopanda kanthucho nthawi yaitali, kenako anatsinzina.

Lolemba lonse sananene kanthu. Lachiwirinso zii. Make mapasa anauza achimwene ake pafoni, ndipo Abwana anaseka kaphwete ka munthu wopambana mlandu. "Waona? Ndinanena ine." Naye anayamba kukhulupirira kuti analidi kuwazunza bambo ake miyezi iwiri yonse ndi makinawo, ndipo manyazi ake sanali apa.

Lachitatu a Telala anakana phala. Make mapasa anabweretsa supuni, iwo milomo ndi, ngati yosokedwa.

"Ababa, kamodzi kokha. Aaa, tsegulani."

Anatembenuzira nkhope kumbali. Make mapasa anayesa kuthira mkaka, anayesa msuzi wa nkhuku, nthochi yofinya, yogati. Anaitana mapasa kuti adzawaimbire agogo awo nyimbo ya kusukulu. Anaimba mpaka kukangana za mawu ake, agogo osatsegula ndi diso lomwe. Anakawatenga anesi, anesi n'kupima magazi, kupima kutentha, kuyang'ana m'kamwa ndi katochi, n'kunena kuti thupi lilibe vuto latsopano. "Odwala otere nthawi zina amangotaya mtima, mayi. Pitirizani kuyesa." Kuyesa chiyaninso? Madzi okha ndiwo ankalowa, masupuni atatu, anayi, ndiye mochita kupembedza.

Masana ena bambo a mapasa akumanga zingwe za nsapato anati, "Amake mapasa, bwanji mungopalasako makinawo pang'ono? Mwina akuwasowa."

"Ndiye anawa akaulule pafoni? Mukuwadziwa ana anu, amalume awo akangoti 'amayi akutani', amayamba ndi za dzana. Ndinalonjeza ine."

"Ndimangonena."

"Kunena mumatha kuno, alamu anu akabwera mumapukuta makapu."

Mwamunayo anatuluka, ndipo iye anakhala pa mpando wa makina ovindikirawo, manja pamiyendo, kusowa mtengo wogwira. Akasoka, bambo ake alira tsiku lonse, awatenga. Akapanda kusoka, bambo ake sadya, awatenganso. Folo koloko inkafika n'kudutsa iye ali chomwecho, akuyang'ana nthiti za bambo ake zikukwera n'kutsika pansi pa shiti, tsiku lililonse zikuonekera kwambiri. Ankawatembenuzabe maola awiri aliwonse, ndipo tsopano ankapepuka ngati mwana, osamenyanso khoma. Anayamba kulisowa liwu lija limene linkamutopetsa. Kangapo konse anawanong'oneza yekha, "Ababa, nenani tembenuza," koma ayi ndithu.

Lachinayi la sabata yachiwiri Abwana anati awaone pavidiyo. Make mapasa anayesa kuimika foni chapatali, kumbali ya mdima, koma masaya olowa sabisika.

"Mayo! Iwe, bambo angawa ukuwapha ndi njala? Loweruka m'mawa ndikubwera. Longedza."

"Achimwene, tamverani..."

Foni inali itadulidwa kale.

Analongedza. Akanatani? Mapijama atatu, mankhwala m'kabokosi, kapu yawo ya chogwirira chachikulu, mafuta opaka kumsana. Analemba papepala nthawi za mankhwala ndi za kutembenuza, n'kuwonjezera pansi kuti amakonda zenera lotsegula ndiponso kuti munthu aziwalankhula ngakhale sayankha. Ankadziwa kuti pepalalo likathera m'chikwama cha alamu ake.

Loweruka kunacha ndi kamphepo kozizira, koma dzuwa lili ngwee. Abwana ndi bambo a mapasa anawanyamula a Telala n'kuwakhazika kumpando wakumbuyo, mapilo uku ndi uku, alamu n'kukhala pambali pawo. Mapasa anali kulira mopikisana. Make mapasa ataona miyendo yowonda ija ili pamtunda, anakumbukira kuti bulangete lawo lili pachingwe, lonyowa. Anathamangira m'nyumba, n'kukwera pa mpando, n'kutsitsa chofunda chija. Chinali chawo basi. Chithe chisathe, apite nacho.

Anachiyala pamiyendo pawo, atawerama pakhomo la galimoto. Dzuwa la m'mawa linagwera pa zigambazo chopendekera.

A Telala anatsegula maso.

Dzanja lamanzere linayamba kuyenda pa chofundacho, kudutsa chigamba cha yunifolomu, kudutsa cha maluwa, mpaka pakatikati, pamene panali zigamba zinayi za nsalu ya suti yabuluu wakuda. Linaima pa chimodzi. Chala chachikulu chinapinda, chikhadabo n'kuyamba kukanda nsaluyo, kwee, kwee.

"Tembenuza."

"Mwamva?" anatero Abwana ali pa chiwongolero. "Ayambanso. Tawakhazikani bwino, amayi," anauza akazi awo.

Koma Make mapasa anali atauma. Chikhadabo chimenecho ankachidziwa. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda nsalu. Suti ija inali ndi timizere ting'onoting'ono topendekera, toti m'chipinda sungatione. Pa zigamba zitatu timizereto tinkakwera cha kumanja, nsalu n'kumawala pang'ono. Pa chachinayi, chimene panali chala, tinkakwera cha kumanzere, ndipo chinali chakufa, chosawala. Anachisoka msana uli kunja. Ndipo anachisoka liti? Tsiku lomwe lija anaimbira foni abale onse.

Sananenepo kuti "nditembenuze". Ngakhale kamodzi.

"Ababa," anatero, "ndi chigambachi? Ndinachizondotsa?"

Maso a a Telala anachoka pa nsalu n'kubwera pa iye, koyamba m'masabata awiri. Mutu unagwedera kawiri. Mbali yamoyo ya pakamwa inakwera m'mwamba, misozi n'kutsikira m'masaya.

"Tembenuza," anatero, motsitsa, monga ankauzira ophunzira awo akakhala kuti sanakwiye.

"Achimwene! Achimwene, zimitsani galimoto! Sikuti thupi limawawawa ayi, amanena nsaluyi! Taonani, ndinasoka chozondoka, iwo amaona, mutu wawo uli bwinobwino! Ndipatseni mphindi khumi zokha ndikonze iwo akuona, muona adya, ndikulumbira adya!"

Abwana anapumira m'mwamba, n'kuyang'ana bambo a mapasa pazenera. "Alamu, mutengeni mkazi wanu akapume. Watopa uyu, wayamba kulankhula ndi zigamba."

"Tangoyang'anani timizereti! Alamu, inu muli pafupi, taonani!"

Alamu anayang'ana, ndithu anayang'ana, koma anaona zina. "Mayo ine, mapini! Chili ndi mapini thoo ichi, chiwabaya panjira." Anachikoka pamiyendo pa a Telala. Dzanja lamanzere linayesa kugwira, koma mphamvu zinali kuti munthu wosadya masiku khumi? Nsalu inapulumuka m'zala. Alamu anachikwinya n'kumupatsira Make mapasa m'manja, n'kuvula juzi yawo kuwafunditsa apongozi awo. Sanachite mwankhanza ayi, ndiye chowawa chake.

"Ulendo ndi wautali, tikufuna tikafike kukuwala," anatero Abwana. "Udzabwera kudzawaona pa holide."

Chitseko chinatsekedwa. Make mapasa anathamanga nayo galimotoyo mpaka pa geti, akumenya galasi, chofunda chikukwekwereka pansi, mapini akumubaya pamkono. Kudzera pagalasi anaona pakamwa pa bambo ake pakuyenda, ndipo anaona alamu akuwagwira mapewa, kuwatembenuzira mbali inayo.

Anabwerera yekha. Bambo a mapasa anafuna kunena kanthu, koma ataona nkhope yake anangotenga ana n'kupita nawo kukhitchini.

M'chipinda munali fungo la mafuta opaka kumsana. Anapachika chofundacho pa chitseko cha kabati ndi zopanira zomwe zija, n'kugona pa matiresi opanda shiti, mutu pamene unkakhala mutu wa bambo ake. Abale inu! Kuchokera pamenepo, ndi kuwala kwa pazenera, chigambacho chinali kuonekera ngati dzino lothyoka pakamwa pa munthu woseka. Iye ankachiona ali chiimire, kapena ali pa makina, ndiponso mothamanga, khutu lili kwa ana ndi kumoto. Bambo ake ankachiona chonchi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Anadzuka, n'kuvundukula makina. Anazula mapini a pakati, n'kudula ulusi mbali zinayi ndi nsonga ya sizasi. Chigamba chinatuluka. Anachikanda ndi chikhadabo, n'kuchitembenuza, n'kupalasa mbali yoyamba, yachiwiri, yachitatu, yachinayi. Timizere tonse tinayang'ana kumodzi.

Anaimba foni ya Abwana kuti awaonetse pavidiyo. Inaitana mpaka kuduka. Anaimba ya alamu.

"Agona, mlamu," anatero alamuwo monong'ona. "Avuta pang'ono poyamba, kumangoti tembenuza, tembenuza, koma tawatembenuza, ndiye angokhala chete. Musadandaule, pepala lanu lija ndalisunga."

Anaika foni pa makina n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Kumasula ndi kusoka komwe kunamutengera mphindi khumi ndi ziwiri. Miyezi iwiri yathunthu a Telala anakhala akupempha ntchito ya mphindi khumi ndi ziwiri, ndi liwu limodzi lokha limene anatsala nalo, ndipo nthawi iliyonse mwana wawo ankadzuka mwaulemu n'kuwayang'anitsa kukhoma.